Tsitsi Lofiira la Mng'ono Wanga

M'komboni yonse ya Kanyama munalibe woluka tsitsi ngati amayi anga, ndipo sindikunena izi chifukwa choti anandibala. Loweruka akazi ankadzaza pakhonde pathu, aliyense kudikira kukhala pakati pa miyendo yawo. Chipeso chamoto ndi mawigi amene anali atatenga malo m'tauni amayi sankafuna n'kuziona komwe. Iwo ankakhulupirira mafuta a nsatsi, okazinga okha, kusinja, n'kuphika mpaka mafuta atayandama. Wina ankabwera ndi diso lotupa, wina mwamuna wake atachotsedwa ntchito, koma pofika mzere womaliza wa tsitsi munthu amakhala atalira, atalangizidwa, mwinanso ataseka.

Chaka chimene ufa unkasowa, tikumaima pamzere kusitolo ya boma mpaka miyendo kuuma, mng'ono wanga anali atangosiya kuyamwa. Tinkamupatsa phala lamadzimadzi lopanda nsinjiro. Mapazi anatupa, masaya anatupa, tsitsi linafiira n'kuyamba kuthothoka.

Kwathu kum'mawa matenda otere amatchedwa tsempho. Amati mwana watupa chifukwa bambo kapena mayi wake wayenda njira. Abambo anali kumigodi, miyezi yambiri osabwera, choncho chala chikanaloza amayi. Munthu amene ankasunga zinsinsi za komboni yonse anaopa kusanduka nkhani ya pampopi.

Amayi anasinja makala, kusakaniza ndi mafuta a nsatsi, n'kumapaka mwanayo kumutu m'mawa uliwonse. Tsitsi linada bwinobwino. Odzalukitsa ankamunyamula n'kumati wanenepa, masaya ngati mabanzi. Mpaka lero akazi aja ndimawakwiyira. Ena mwa iwo anali ataikapo ana m'manda, ankadziwa, koma anangoti ndi za eni.

Mmodzi yekha ndiye analankhula, mayi wa Chibemba wogulitsa nsomba za kapenta. Tsiku lina anamubereka mwanayo, ndipo pomutsitsa anaona chitenje chake chada. Anayang'ana chitenjecho, kenako anayang'ana amayi.

"Ba neba, uyu mwana ni njala chabe," anatero. "Kulibe vinangu. Mupelekeni ku kiliniki."

Amayi anayankha kuti kukiliniki anamwino amakalipira munthu pagulu, ndipo pamzere pamakhala anthu a m'komboni momwemo. M'malo mwake anapita kwa sing'anga kukomboni ya George, n'kubwerako ndi mizu yoviika m'madzi. Mayi wa Chibemba uja sanatope. Ankabwera ndi kapenta wosinja woti tizithira m'phala, koma nthawiyo mwana anali atayamba kale kukana chakudya. Kuchipatala tinapita atasiya ngakhale kulira, ndipo anatisiya tili pabenchi, dokotala asanamuone.

Odzasambitsa maliro anali akazi omwe aja amene amayi ankawaluka. Anatenthetsa madzi, wina anabwera ndi kachidutswa ka sopo, ngakhale sopo ankasowa masiku amenewo. Ine ndinali pakhomo, mtima ukuwawa, ndikufuna kuti onse aone chimene anakana kuona mwanayo ali moyo.

Amayi ataona beseni la madzi likulowa, anadzuka pamphasa n'kugwira dzanja la wamkulu wa akazi aja.

"Thupi sambitsani," anatero motsitsa mawu. "Koma kumutu musathireko madzi."

Akaziwo anayang'anana, kenako anamvera. Mng'ono wanga tinamuika tsitsi lili lakuda.