Wanjinga amene ndinamupeza pomwe ndinamusiya

Mlamu wanga Tisa amaphunzitsa kompyuta kusekondale, ndipo chaka chino wagwidwa ndi matenda opanga gemu ya pakompyuta. Lachiwiri anandikhazika pa laputopu yake kuti ndiyese.

Abale inu, Katete yense anali mmenemo! Msika, maminibasi a ku Chipata, njinga zonyamula anthu, ngakhale mbuzi zodutsa mumsewu ngati ndi wa atate awo.

Pamlatho ndinadutsa wanjinga wina atanyamula mayi ndi thumba la mtedza. Ndinazungulira mpaka ku Mkaika n'kubwerera. Ndinamupeza pomwepo, phazi lili m'mwamba, mayi uja ali duu.

"Alamu, uyu wafa kapena watopa?"

"Ndamugoneka dala," anatero Tisa. "Zoyenda zachuluka. Kompyuta ikati iziwerengera zonse nthawi imodzi, itentha ngati mbaula. Ndiye dzikoli ndaliduladula m'zigawo. Chigawo chomwe muli inu ndi zoyandikana nacho, zonse zimayenda. Zakutali zimagona."

"Nanga ndikabwerera?"

"Apo ndiye ndalakwitsa. Imayenera kuwerengera msanga pomwe munthuyo akadafika nthawi yonseyi, n'kumuika pamenepo. Ndinaiwala."

Ndinamuseka mpaka misozi. Mphunzitsi wathunthu!

Koma ndili panjira yobwerera kunyumba, phwete lija linanditha. Kodi ifeyo sitichita zomwezo? Mutu ndi waung'ono, timasamala za amene tikuwaona. Akutali timawagoneka. Timati chibale ndi fupa sichiola, n'kukhala phee, ngati kumudziko dzuwa limadikira ife kuti lituluke.

Ine ndili ndi mlongo wanga ku Vubwi. Ndinapitako komaliza ali ndi khanda kumsana. Foni ndili nayo, chonamizira ndilibe. Tsiku lomwelo ndinaimba.

Anayankha ndi mwana wa mawu akuthwa. "Amama, kuli abambo ena pa foni!"

Mlongo wanga atafika ndinayamba mwamatama, ngati tinaonana dzulo. "Muli bwanji kumeneko? Nanga kakhanda kaja kayamba kukwawa?"

Anaseka kuseka kosakoma. "Kukwawa? Achimwene, ndi yemwe wayankha foniyu. Dzino lamkaka lachoka kale."

Manyazi anandigwira, ndinene zoona. Ndinayamba kudandaula za msewu, za mvula, za ntchito.

"Zimenezo zisiyeni," anandidula. "Mwana ali pano, akundikoka chitenje, akufunsa. Ndimuuze kuti ndinu ndani?"