Sewero la m'nyengo ya mpheta

Chaka chomwe ndinali Fomu 1, kalabu yathu ya pa boma inkakumana mu holo ya tchalitchi tikaweruka kusukulu. Ena ankawerenga mabuku, ena ntchemberembaye, ife tinali a zisudzo. Ankatiyang'anira ndi mayi wina wopuma pa uphunzitsi, wamfupi koma wa liwu lalikulu. Tonse tinkangoti madamu. Anandipatsa gawo la mpongozi wolongolola, anzanga n'kumati palibe choti ndiphunzire, ndinabadwa nalo. Sankanama, pakamwa panga sipankatsekeka.

Kenaka mpunga wathu unayamba kucha kudambo, mpheta n'kutera. Amayi sanazungulire. "Ukaweruka, kumunda. Zisudzo sitidya."

Aa, ndinatsala pang'ono kupenga! Pa nsanja yoingitsira mbalame sindinkakhazikika. Ndikoke chingwe cha zitini, nditsike, ndiponye zibuma, ndikwerenso, maso ali kumsewu. Mphetazo ndinkazilalatira ndi mawu a m'sewero. Tsiku lina mnzanga anadutsa pa njinga n'kukuwa kuti ndikapanda kuoneka sabata imeneyo, gawo langa apatsa mtsikana wina woti polankhula amachita kunong'ona. Ameneyo akhale mpongozi? Ndinalira, koma unali mkwiyo wokhawokha.

Lachinayi masana ndinangoona ana a kalabu akubwera mondondozana m'dambomo, nsapato zili kumanja, madamu pambuyo atakwinya chitenje, matope mpaka m'mawondo. "Akuti sungabwere, ndiye tabwera ife," anatero madamu. "Tsika, tiyambe."

Tinayeserera pomwepo. Ndinakuwa mpaka mawu kusasa, mpheta osayerekeza n'komwe kutera. Ndili m'kati mokalipira mkamwini wanga wa m'sewero, ndinaona amayi ataima pafupi ndi nthochi, dengu la chinangwa lili pamutu. Ndinalekeza panjira. Amayi sanaseke, sanakalipenso. Anatula dengu, kupatsana moni ndi madamu, n'kufunsa tsiku la sewerolo.

"Loweruka masana, mayi. Makolo onse tawaitana," anayankha madamu.

Amayi anayang'ana mpunga uja, kenaka n'kutembenukira kwa ine. "Upite. Pano ndidzakhalapo ine."

"Ndiye simudzandionera?"

"Mbalamezi zidzadziwa kuti ndi Loweruka?"

Tsikulo holo inadzaza, ena kumasuzumira m'mawindo. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti, agogo ena n'kukuwa kuti mwana ameneyu adzavuta kubanja. Aliyense wa mu kalabu anali ndi wake m'gulumo, womukodola, womuimbira nthungululu. Ine ndikangomaliza kulankhula, maso ankathamangira kukhomo. Ndinkadziwa bwino lomwe kumene amayi ali, pa nsanja, dzuwa likuwawotcha, chingwe cha zitini chili m'manja. Komabe ndinayang'ana kukhomoko mpaka sewero linatha.