Tiyi wa Naphiri ndi Nyerere za Pakhonde

Orton Mhango anafika ku Lilongwe mu 1975 atakhala pamwamba pa mafayilo, pa lole yochokera ku Zomba, fumbi lili mbuu kumaso koma mano onse ali pamtunda. Likulu latsopano! Ku Capital Hill penti anali asanaume, misewu ina ikuthera m'tchire, ndipo iye, kalaliki wa ku Rumphi, anapatsidwa tebulo lakelake pafupi ndi zenera. Isanathe miyezi itatu anapezanso mbeta, Immaculata, telala wa pakhonde la sitolo ku Area 2. Mwayi wake munthuyu, inu!

Koma Orton anali ndi chinsinsi. M'mawa uliwonse ankawiritsa jakisoni m'kapoto n'kudzibaya pantchafu. Matenda a shuga. Ku Zomba mtsikana wina anamukana atangomva, ati mwamuna wodwaladwala sangamange banja. Ndiye kuno sanauze munthu, ankaopa kukanidwa kachiwiri.

Vuto linali Naphiri, azakhali ake a Immaculata, amene anamulera ndipo mawu awo ndiwo anali omaliza pa ukwatiwo. Kwa Naphiri ulemu unkayezedwa ndi shuga: mlendo wamba masipuni awiri, abusa atatu, mkamwini wogwira ntchito m'boma asanu! Lamulungu lililonse akawachezera pakhonde pawo, Orton ankalandira kapu ndi manja awiri, kuthokoza bwinobwino, koma mayiwo akangotembenuka, khuthu, kuseri kwa mpando.

Nanga nyerere zimasunga chinsinsi cha munthu? Lamulungu lachinayi anapeza Naphiri ataima pakhonde, manja ali m'chiuno, patsogolo pawo mzere wa nyerere uli bii.

"A Mhango, tiyi wanga mukumwetsa nyerere? Mukuyesa ndimakuthirirani mankhwala kuti mukonde mwana wanga? Ngati ndine mfiti, njira ndi iyo!"

Immaculata anayamba kulira. Orton anagwada, thukuta lili kamukamu, n'kuulula zonse: ludzu losatha, kuonda, kukodza pafupipafupi, mpaka tsiku limene dokotala anamuuza dzina la matendawo n'kumupatsa jakisoni.

Naphiri anakhala pansi pang'onopang'ono.

"Ludzu ndi kuonda? Bambo ake a mwanayu, mlongo wanga Ackson, anapita choncho. Tinkati anamulodza. Ine kumudzi ndinachokako chifukwa cha zimenezo, anthu akundiloza chala kuti mfitiyo ndine." Anapukuta m'maso ndi chitenje. "Ndiye mukuti matendawa ali ndi dzina? Ndipo munthu n'kukhala moyo?"

"Chino ndi chaka chachisanu ndi chimodzi, amayi."

Aa, mukanawaona! Anadzambatuka ngati mtsikana, nthungululu yawo mpaka anthu a mu Area 1 kusuzumira m'mipanda. Anathamangira m'nyumba n'kutuluka ndi kapu ina ya tiyi wopanda shuga olo pang'ono, n'kuipereka atagwada.

"Imwani, akamwini. Wonse, ine ndikuyang'ana. Ndipo mawa mudzandionetse jakisoni ameneyo. Ackson akanakhala naye, bwenzi tiyiyu mukumwera limodzi."