Cholembera cha Che Mikaili

Che Mikaili ankakhoma ndowa ndi mbaula kuseri kwa msika wa Lilongwe, ndipo mawu akuti "sindingathe" sankatuluka pakamwa pawo. Likulu litangosamuka ku Zomba, a Lexon, kalaliki wa ku City Centre, anawapempha kuti awapangire cholembera chamkuwa, chija chomwa inki m'botolo.

Mkuluyo anachisula, napala nsonga yake mopendeketsa, monga ankasongolera bango lolembera ku madrasa ali mwana. Atachiyesa ndi Chiarabu, kuchokera kumanja kupita kumanzere, chinayenda myaa!

A Lexon anachitenga, koma m'mawa mwake anabwera nacho tsinya lili pamphumi. Cholemberacho chinali kukanda ndi kung'amba mapepala a boma.

Che Mikaili anachilandira ngati khanda, nachipukuta ndi malaya awo.

"Achimwene, cholembera chilibe mlandu. Inuyo ndi amene mumalemba chafutambuyo."