Nambala 14 pa Pulani ya Alaliki

Pa pulani ya alaliki, abambo anga anali nambala 14. Pulaniyo inali pepala lalikulu limene mpingo wathu wa Methodisti unkasindikiza miyezi itatu iliyonse: kumanzere malo opemphererako, pamwamba masiku, pakati timabokosi ta manambala. Nambala yako ikagwera pamalo akutiakuti, Lamulungu limenelo upite ndithu, kaya kugwe mvula, kaya mwana adwale. Alaliki olankhula Chishona ankapatsidwa matchalitchi a njerwa m'tauni. Abambo, poti anali a Chinyanja, ankapatsidwa makomboni a m'mapulazi, kupitirira Waterfalls uko, kumene anthu akwathu ankalima fodya wa azungu. Ankapalasa njinga, Baibulo atalikulunga m'pepala lapulasitiki.

Agogo aamuna anabwera wapansi kuchokera ku Ntcheu, ati kudzagwira pamgodi zaka ziwiri zokha. Mwana wawo woyamba atamwalira, amene anabwera kudzaika maliro anali mlaliki woyenda pabulu, ndipo agogo analowa mpingo wake mpaka kufa, osaonanso kwawo. Abambo anabadwira pamgodipo. Ku Ntcheu anapondako kamodzi kokha, kukakwatira amayi, ndipo analonjeza apongozi awo kuti mwana wawo sakhalitsa kuno.

Lonjezo limenelo ndi limene ndinakulira nalo m'nyumba yathu ya zipinda ziwiri ku Mbare. Amayi anali ndi thilanki yachitsulo kunsi kwa bedi, mmene ankasungamo za paulendo: nsalu yakuda ya mayi awo, bulangete, mapoto awiri osaphikiramo. Akafunsa za kumudzi, yankho linali limodzi, loti pulani ino ikatha. Koma pulani yatsopano inkafika yakale isanathe, nambala 14 ili mbwee m'timabokosi, ndipo abambo ankangoti munthu sangathawe dzina lake litasindikizidwa kale. Azungu a kuno atadzilengeza kuti ndi boma paokha, mabanja ena akwathu ananyamuka. Ife tinatsala, kudikira pulani kuti ithe. Ndinkawakonda abambo anga, koma pankhani iyi ankandinyansa.

Nkhondo itayandikira mapulazi, ine ndinali wamkulu kale, ndikusoka malaya pafakitale. Maso a abambo anali atayamba kufooka, timanambala tija sankationanso bwino. Tsono pulani ikafika, ndinkatenga cholembera chofiira n'kuzunguliza malo awo onse. Ndinawonjezanso nzeru zanga. Mwambo unali woti mlaliki akatha kulalikira, banja limodzi limuphikire, ndipo mabanja ankasinthana. Abambo ankaiwala, n'kukalowa nyumba ina, amene anapha nkhuku n'kutsala akudandaula. Ine ndiye m'mphepete mwa pulani ndinalemba bwinobwino: tsiku lakuti, pulazi yakuti, chakudya kwa auje. Ndinadziona wochenjera kwambiri.

Lamulungu lina asilikali anatseka msewu ndipo anawasecha abambo. Anapeza pepala la mapulazi, masiku, manambala, ndi mayina a anthu ophika chakudya. Masiku amenewo kuphikira anyamata a kutchire omenyera ufulu unali mlandu woti munthu n'kufa nawo. Abambo anayesa kufotokoza kuti wodya chakudyacho ndi iwo, nambala 14, koma ndani akanamvera nkhalamba ya ku Nyasalande ili panjinga? Anawasunga milungu iwiri. M'busa wathu atapita ndi pulani ina yofanana, anawamasula. Anabwera khutu limodzi litagontha, mano awiri kulibe.

Koma asilikali anali atayenda kale pulazi ndi pulazi, kutsata cholembera changa chofiira. Anatenga aliyense amene ndinamulemba. Ena anabwerako akutsimphina. Bambo wina woyendetsa thalakitala, amene mkazi wake ankawaphikira abambo nkhwani wotendera chifukwa ankadziwa kuti amaukonda, sanabwereko.

M'makomboni munamveka kuti mlaliki ankalemba mayina a anthu n'kukapereka. Abambo atachira anapitanso, monga pulani inanenera. Anapeza shedi ya fodya imene ankapemphereramo ili pululu. Anaimba nyimbo okha, anawerenga mawu, anadikira. Palibe anabwera, palibe anawapatsa ngakhale madzi. Pulazi yachiwiri chimodzimodzi. Yachitatu ana anawagenda.

Asilikali atawafunsa kuti analemba ndani, abambo anati ndi iwo. Kwa m'busa ananenanso chomwecho. Ine abambo sanandifunse kanthu, sanandikalipire, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa mbama. Ndikanatha kukwera basi pa Musika, pokwerera mabasi pa Mbare, kukaima pakomboni n'kunena kuti dzanja lija linali langa, kuti ndinkangofuna abambo asamasokoneze nyumba zodyera. Ndinaopa. Lamulungu lililonse ndinkati sabata yamawa, ndipo ndinazindikira kuti ndine mwana wa abambo anga ndithu.

Pulani yotsatira itafika, mapulazi onse anali atachotsedwamo chifukwa cha nkhondo. Ndinafufuza timabokosi tonse, nambala 14 panalibe. Amayi anali kusita. Anaika simbi pansi, nati:

"Abambo, pulani yatha. Tiyeni kwathu amayi anga akadali moyo."

Abambo anatembenuza khutu lakumva, amayi anabwereza. Ndiye abambo anayankha:

"Ndikachoka lero, mayi, ndiye kuti zimene akunenazo n'zoona. Andimve kaye."

Anthu aja sanawamve. Ambiri anabalalika, ena anabwerera ku Malawi ndi nkhaniyo, moti ngakhale kumudzi inakafika. Abambo ankapopabe njinga Lamulungu lililonse, kupita kumene sanatumidwe, kubwera madzulo ali ndi njala. Amayi anayamba kuwamangira mbatata m'kansalu. Zaka zonse za ulaliki wawo anali asananyamulepo kamba.

Kalata ya maliro a agogo aakazi inafika nkhondo isanathe. Amayi sanalire pamaso pathu. Anakoka thilanki, anatulutsa nsalu yakuda ija n'kuivala okha. Mapoto awiri aja anawaika pashelefu, ndipo mawa lake anaphikiramo nyemba.

Abambo anamwalira chaka chotsatira, chifuwa. Pamaliro panadzaza anthu a m'tauni, mayunifolomu ofiira a amayi a mpingo mbali yonse, koma wa kupulazi sindinaone ndi mmodzi yemwe. Anthu atabalalika, ndinapeza amayi akutsuka mbale kuseri kwa nyumba. Ndinagwada pafupi nawo, ndinawauza zonse, kuti mayina aja ndinalemba ndine, kuti ndine ndinawatsekera njira ya kwawo. Ndinkafuna andimenye.

Sanasiye kutsuka.

"Ndinkadziwa, mwanangu. Abambo ako akanaona bwanji kulemba timalemba tating'ono choncho?"

Ndinafunsa chifukwa chimene sananenere. Anati mwamuna anali atatayika kale, sakanaperekanso mwana kwa anthu olusa. Kenaka anandipatsa poto kuti ndipukute.

Amayi anakhala zaka zina zambiri ku Mbare, ndipo tinawaika kuno, pafupi ndi abambo. Thilanki ija ili kwa ine. Ku Ntcheu sindinapiteko, ndipo ana anga akafunsa kuti kwathu n'kuti, amafunsa m'Chishona.