Ndinabisa Vepu Pansi pa Matiresi a Apongozi

Mukhulupirire kapena ayi, izi sindinachite kumva m'minibasi, zinachitika m'nyumba mwanga ku Kabwata, ndipo ngakhale papita zaka zitatu, ndikazikumbukira nkhope imandithera ndekha ngati pali wina akundiyang'ana.

Ine ndinali munthu wa nsunko, fodya wa m'mphuno uja, koma mobisa kwambiri, poti amuna anga ndi munthu wa tchalitchi ndipo ngakhale fungo la ndudu ya wodutsa pamsewu limawakwiyitsa. Ndiye mnzanga wina wa ku ofesi anandionetsa kachipangizo kosuta ka batire kamene amati vepu, nati utsi wake umanunkhira mango ndipo palibe angandigwire. Za m'mashopu enieni ndinaona kuti zadula, basi ndinagula kanga kwa bambo wina woyala katundu pansi m'tauni, cha ku Cairo Road. Kabokosi kake sindinakayang'ane n'komwe, ndimangothamangira kukaponya m'chikwama anthu a kutchalitchi asanandione.

Vuto linali potchajira. Kuchipinda kwathu amuna anga akanakaona, pabalaza ana. Koma tinali kukhala ndi apongozi anga, amayi awo a amuna anga, amene tinawatenga ku Katete atadwala sitiroko. Dzanja limodzi ndi mwendo zinafa, kulankhula kunali kwa mawu amodziamodzi, koma mutu unali bwinobwino, ndipo kuchipatala kumene tinkapita nawo kukawongola ziwalo ankati akusintha. Kuseri kwa bedi lawo kunali soketi. Ndani akanapita kukafufuza pansi pa matiresi a nkhalamba yodwala? Ndinkalumikiza ndi tchaja yakale ya foni ya amuna anga, ija yodzaza msanga, n'kukankhira kavepuko pansi pa matiresi, iwo akundipenya, ine n'kumawauza kuti ndi kawailesi. Kawailesi! Mayi wobala ana asanu ndi awiri ndimamunamiza ngati mwana.

Mukudziwa mmene timachitira malaiti akamathimathima, chilichonse timasiya chili chilumikizire kuti magetsi akabwera chizidzaza chokha. Loweruka lina ndinachita chimodzimodzi m'mawa, n'kuiwala. Malaiti anabwera cha m'ma leveni, ine ndili panja ndi zochapa, amuna anga ali ku msonkhano wa tchalitchi, ana ali kwa anzawo. Itakwana cha m'ma thu ndinamva phuu! ngati wina waphulitsa pepala la shuga, kenako mawu amene sindidzawaiwala, apongozi akuyesa kuitana dzina langa koma likukanirira pakhosi.

Mayo ine! Chipinda chonse utsi wakuda, matiresi akuyaka chakumiyendo, bulangete lagwira, ndipo pakati pa fungo la siponji yopsa ndinamvamo kafungo ka mango. Ndinawagwira m'khwapa n'kuwakoka mpaka pakhonde, mphamvu zake kaya zinachokera kuti, ndinathimitsa magetsi pa mita, n'kubwerera ndi beseni la zochapa zija kudzazimitsa moto. Mwendo wawo wakufa uja unapsa kuyambira pabondo kutsika, iwo osamva n'komwe kuti ukupsa.

Tsono apa ndi pamene pali manyazi anga. Maneba asanalowe, ine ndinatola kachitsulo kopsa kaja ndi tchaja yomwe, ndinakulunga m'chitenje n'kukaponya m'dzenje la zinyalala kuseri. Munthu wapsa ali pakhonde, ine ndikuyamba kupulumutsa mbiri yanga.

Pasitulu pafupi ndi bedi pankakhala kandulo ndi machesi, chifukwa apongozi anali Mkatolika wa korona, ndipo ankakonda kuyatsa popemphera ngakhale amuna anga anawaletsa kuyatsa okha. Ndikuwakoka ndinagunda situlu ija, kandulo n'kugwera pansi. Aliyense wolowa ankangoona kandulo n'kugwedeza mutu. Apongozi atatuluka m'chipatala, alamu anga a ku Chelstone ndi a ku Kaunda Square anabwera kudzakhala pansi, ndipo wamkulu anawafunsa amayi ake pamaso pa tonse ngati anayatsa kandulo tsiku lija. Apongozi anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana mwana wawo, n'kuvomera ndi mutu.

Banja linagamula kuti m'tauni tonse timapita kuntchito, tsiku lina adzatentha nyumba ndi adzukulu omwe, bola abwerere kumudzi kumene kuli anthu owayang'anira usana wonse. Ine ndinali pomwepo, ndikuthira tiyi. Kumudzi kunalibe zowongola ziwalo zija, bala la mwendo silinapole bwino, ndipo chaka chisanathe tinapita kukaika maliro.

Pambuyo pake ndinatenga kabokosi kaja, kamene kanali kadakali m'chikwama, n'kupita nako ku shopu ina ku Woodlands, ndikunama kuti ndi ka mng'ono wanga. Mayi wogulitsa anandionetsa kuti bokosi lenileni limakhala ndi pokala ngati pa kadi la mayunitsi, nambala yake n'kuitsimikiza pafoni. Pa kanga pokalapo panali pongojambula. Anati zabodzazi nthawi zambiri sizidula moto batire ikadzaza, ndiye ukaziika pa tchaja yamphamvu n'kuzifunditsa, ukuyembekeza chiyani?

Anthu ena kwathu mpaka lero amati moto uja unali wotumizidwa. Ine ndikudziwa kuti panalibe mfiti, panali ine ndi mantha anga oti anthu andiona bwanji. Ndiye inu amene mumasuta tinthu timeneti, ndapota nanu, kalani bokosi musanalipire, tchajani ndi chingwe chake, poyera, pamalo olimba, inu muli pomwepo, ndipo malaiti akapita zulani. Ngati mukuchita kubisa pansi pa pilo kapena matiresi, dzifunseni kuti pamwamba pake pagona ndani.

Amuna anga sakudziwabe. Mwezi wamawa tikupita ku Katete kukavundukula mwala wa pamanda, ndipo alamu anga agwirizana kuti wolankhula m'malo mwa banja ndikhale ine, ati poti ndine amene ndinawatulutsa amayi m'moto. Ndavomera, koma ndikaimirira pamenepo sindikudziwa chimene chidzatuluke pakamwa panga.