Zala Zomwe Anandikoka

Matendawa anandiyamba m'nyengo yosoka fodya, pa esiteti ina kufupi ndi Nsaru pomwe ine ndi amuna anga tili matenanti. Ndikadzuka m'mawa zala zinkakhala zitauma gwa, zotupa m'mfundo komanso zotentha. Singano yosokera inkangondipulumuka m'manja.

Tenanti wosasoka alibe malo pa esiteti, ndipo kapitawo anali atayamba kundiyang'ana ndi diso loipa. Amuna anga anachita mantha. M'malo mondiperekeza kuchipatala, anaitana a Gwaza, tenanti mnzathu wotchuka ndi kuwongola anthu obinya. Iwo anati magazi aundana chifukwa zala zachita ulesi. M'mawa uliwonse ankandikoka chala chimodzichimodzi mpaka chilire, ine misozi ili chuchuchu, iwo n'kumati ululuwo ndiye kuchirako. Mpaka lero ndikawaona mtima umandiwira.

Pomwe fodya ankapita ku okushoni, manja anali atafufuma moti ngakhale chitenje chinkandikanika kumanga. Mayi wina wa kumpingo kwathu ndiye anandikweza panjinga. Kuchipatala tinakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Ananditenga magazi, kenako ananditumiza kuchipatala chachikulu m'tauni, komwe ndinadikiranso.

Adokotala atagwira zalazo anati, "Amayi, iyi ndi nyamakazi yotupitsa mfundo. Pakati pa mafupa pali kanyama kofewa kogwirizitsa mfundo. Kakanyenyeka, tizidutswa take timadzidzimutsa asilikali a m'thupi. Iwo amathamangirako ngati kwalowa mdani, n'kumawononga pakhomo pawo pomwe. Kukokako kumangowaputa."

Ndinapsa mtima kwambiri. Miyezi yonse ija ndinkaluma mano, kupirira chinthu chomwe chinkandiwononga.

Anandipatsa mapiritsi omwa kamodzi pa sabata, n'kundiuza kuti ndizibwera kudzayezetsa magazi. Kutupa kunaphwa pang'onopang'ono, ndipo mvula yoyamba inandipeza ndikugwira khasu. Chaka chino fodya ndasoka ndithu, ngakhale mochedwa, ndipo pa esiteti sanatichotse. Koma zala ziwiri za kumanja zinakhota, ndipo adokotala ananena mosabisa kuti ndinafika mochedwa. Amuna anga anapepesa. Ndinawayankha kuti ndamva, koma kukhululuka ndikadalimbana nako. A Gwaza akukokabe anthu.

Inu anzanga, mfundo zikatupa n'kumatentha m'mawa, nyamukani sabata yomweyo mukaonane ndi achipatala, kaya kapitawo akwiye. Musapereke dzanja lanu kwa munthu woti alikoke. Ine ndinapereka zala khumi, ndipo ziwiri sizinabwerere.